Chaplin Anaseka Hitler, Koma Amene Anamutsekera Chitseko Ndi America

Awa ndi mau amene mmodzi wa atolankhani athu analankhula asanayambe kuonetsa filimu ya The Great Dictator. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.

Amayi ndi abambo, makamaka inu akuluakulu amene munakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lino osati mwa kufuna kwanu, ndakupatsani moni nonse.

Andiuza kuti ndisatalikitse chifukwa anthu abwerera kanema, sanabwerere ine. Ndiyesetsa, ngakhale mukudziwa kuti mtolankhani ukamupatsa chimkuzamau amaiwala kuti wotchi ili ndi ntchito.

Munthu amene timuone usiku uno ambiri timamudziwira zovala zake: kachipewa kozungulira, jekete yothina, thalauza lokhwepa, nsapato zazikulu ngati mabwato, kandodo m'manja ndi kandevu pansi pa mphuno. Ine ndinayamba kumuona ndili mwana, m'kachipinda koonetsera vidiyo ku lokeshoni kwathu, tsiku lina filimu ya makarate itakana kugwira. Mwini malo anaika kanema wakale wopanda mitundu, wopanda mau, ndipo ife tinayamba kukuwa kuti atibwezere ndalama zathu. Sipanathe mphindi zisanu tonse tinali kugwira nthiti ndi phwete. Palibe mmodzi wa ife amene ankamva Chingelezi, ndipo Chingelezicho sichinafunike n'komwe.

Charles Spencer Chaplin anabadwa pa 16 April 1889 kumwera kwa mzinda wa London, dera la amphawi. Makolo ake onse awiri anali oimba m'nyumba za zisudzo. Bambo ake anali chidakwa, anasiya banja mwanayo ali wamng'ono, ndipo mowa womwewo unawapha mu 1901. Mayi ake, a Hannah, mau awo oimbira atatha anayamba kusoka zovala kuti apeze ya lendi ndi ya chakudya, mpaka mutu unasokonezeka ndipo anakawatsekera m'chipatala cha odwala misala cha Cane Hill. Ali ndi zaka 7, Charlie pamodzi ndi mkulu wake Sydney anatumizidwa ku nyumba yosungirako amphawi ya ku Lambeth, imene Angelezi ankaitcha workhouse. Ife tikamva za London timaganiza za nyumba ya mfumu ndi mabasi osanjikizana. Kunalinso London ina ya ana ogona ndi njala, ndipo Chaplin anachokera ku London imeneyo.

Ndikutsindika za njalayi chifukwa nthabwala zake zonse zinaphikidwa pa mafuwa amenewa. M'filimu ya The Gold Rush ya mu 1925, lova wathu uja watsekeredwa ndi chisanu m'kanyumba ka matabwa pamodzi ndi chimunthu china chachikulu, chakudya chawathera. Iye akuvula nsapato imodzi, naiphika mumphika, naiyesa ndi foloko ngati yapsa, naipakula m'mbale n'kuthirapo msuzi wake. Mnzake uja akulanda chikumba cha pamwamba chofewa, iye n'kutsala ndi chapansi cha misomali. Ndiye muone mmene akudyera! Zingwe za nsapato akuzikulunga pa foloko mwaulemu, misomali akuiyamwa umodziumodzi ngati mafupa a nkhuku, ngati bwana amene ali mu hotela yapamwamba. Wolemba nthabwala amene sanagonepo ndi njala akanamuonetsa akulira. Chaplin ankadziwa kuti mmphawi chimene amalimbana nacho mpaka kumapeto ndi ulemu wake, ndipo ndi pamenepo pamene ife timaseka, kwinaku mtima ukuwawa.

Kukwera kwake kunali kwa liwiro lodabwitsa. Analowa gulu la zisudzo la Fred Karno mu 1908, napita nalo ku America mu 1910. Kumapeto kwa 1913 kampani ya mafilimu ya Keystone inamulemba ntchito pa madola 150 pa sabata. Pofika 1916 kampani ya Mutual inali kumulipira madola 670,000 pa chaka, mnyamata wa zaka 26 amene sukulu anangoinunkhiza. Koma chimene ndikufuna musunge ndi chimene anachita mu 1919. Iye pamodzi ndi Mary Pickford, Douglas Fairbanks ndi D.W. Griffith anayambitsa kampani yawoyawo ya United Artists kuti azigulitsa okha mafilimu awo. Anali kale ndi situdiyo yake, tsopano anakhalanso ndi msika wake. Ife a nyuzipepala tikudziwa tanthauzo la zimenezi: amene ali ndi makina osindikizira ndi amene amanena mau omaliza. Filimu imene tionere usiku uno sikanakhalapo Chaplin akanakhala waganyu wa munthu wina.

Kuseka anthu akuluakulu sanayambire pa Hitler. Filimu ya City Lights ya mu 1931 imayamba ndi mwambo wotsegulira chiboliboli cha mtendere ndi chitukuko. Mabwana afika, avala bwino, akulankhula mmodzimmodzi pa nsanja. Nthawi imeneyo n'kuti mafilimu olankhula atayamba kale, anthu akudikira kumva mau. Chaplin anawapatsa mabwanawo mau a kalipenga ka ana, kongoti pwepwepwe, ndipo aliyense amene anakhalapo padzuwa kumvera mlendo wolemekezeka amamva bwino lomwe zimene akunena. Atachotsa nsalu yophimba chiboliboli, apeza lova uja ali mtulo pamiyendo pa fanolo. Pofuna kutsika, lupanga la fano likumukola thalauza kumbuyo, ndipo nthawi yomweyo nyimbo ya fuko ikuyamba. Ndiye muone munthu akuyesetsa kuima njo molemekeza fuko ali lende pa lupanga. Apolisi nawo sangamugwire chifukwa aima njo akuchita sawasha.

Mu Modern Times ya mu 1936 muli kachigawo kena kamene kanasanduka ulosi wa moyo wake. Lole ikudutsa, kambendera kofiira kochenjeza za katundu wautali kakugwa pamsewu. Iye mwa ufulu wake akukatola nayamba kuthamangira loleyo, akukupiza kambenderako kuti dalaivala aone. Sakudziwa kuti kumbuyo kwake kwatulukira chikhamu cha antchito ochita zionetsero. Apolisi akufika, akuona munthu ali patsogolo ndi mbendera yofiira, basi mtsogoleri wa chikomyunizimu wapezeka, kundende. Sungani chithunzi chimenechi, tichifunanso.

Tsopano tibwere kwa Hitler. Anthu awiriwa anabadwa sabata imodzi: Chaplin pa 16 April, Hitler pa 20 April, chaka chomwecho cha 1889. Onse anakulira m'mavuto, onse anali ndi kandevu kofanana, ndipo onse ankadziwa kugwira mitima ya chikhamu cha anthu. A chipani cha Nazi ankadana naye Chaplin, namamunena m'mabuku awo kuti ndi Myuda. Iye sanali Myuda, koma sankafuna kutsutsa poyera, poona kuti kukana kukanakhala ngati kuvomereza kuti Chiyuda ndi mlandu.

Pamene anayamba kukonza The Great Dictator, anthu ambiri anamuletsa. Makampani a ku Hollywood ankaopa kutaya msika wa ku Germany. Boma la Britain, limene pa nthawiyo linali kunyengerera Hitler, linali lokonzeka kuletsa filimuyo. Chaplin anaika ndalama za m'thumba mwake, nayamba kujambula mu September 1939, patangopita masiku ochepa nkhondo itayamba. Pamene inkatuluka mu October 1940, mabomba a Germany anali kugwa pa London, ndipo a Britain omwe aja anailandira ndi manja awiri. America inali isanalowebe nkhondo.

Sindikuuzani nkhani yonse, ndingakulandeni kukoma. Chaplin akusewera anthu awiri ofanana nkhope: wometa tsitsi wa Chiyuda ndi wolamulira wankhanza wa dziko la Tomainia, Adenoid Hynkel. Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti sanamuonetse Hynkel ngati chilombo chokhala ndi nyanga. Anamuonetsa ngati kamunthu kamantha, kosachedwa kupsa mtima, kofuna kutamandidwa mphindi iliyonse. Akamalankhula, zimkuzamau zikupindika ndi ukali wake. Akakweza dzanja anthu akuomba m'manja, akalitsitsa onse ziii nthawi yomweyo, ngati watseka mpopi. Nduna yake ina yadzaza mamendulo pachifuwa mpaka posowa pobaya ina, koma tsiku limene yalakwitsa, bwana akuzula mamendulo onse, atatha akuyamba kuzula mabatani. Mnzake wolamulira dziko loyandikana nalo akabwera kudzacheza, awiriwa akupikisana kukweza mipando yometera kuti wina akhale pamwamba pa mnzake, mpaka kudenga. Ndipo pali chigawo chotchuka chija, Hynkel ali yekha mu ofesi akuvina ndi chibaluni chojambulidwa mapu a dziko lonse lapansi, akuchiponya m'mwamba ndi dzanja, ndi mutu, ndi matako omwe.

Ndikuona ena mwa akuluakulu mukumwetulira kumbuyoko. Sinditchula dzina la munthu. Ndingoti dziko limene mu 1968 linakhazikitsa bungwe lopima mabuku, nyimbo ndi mafilimu, dziko limene linasunga mlakatuli Jack Mapanje ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osamuzenga mlandu, silifuna womasulira kuti limve filimu iyi. Wolamulira wankhanza amatha kukulamulani kuti muimbe, muvine, muombe m'manja, ngakhale kuti mulire. Chimene amalephera ndi kukuletsani kumuona kuti ndi woseketsa, ndipo iye amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake nthabwala za pa bawo ndi za m'basi zinkatengetsa anthu usiku.

Koma tisamunamizire Chaplin mphamvu zimene analibe. Filimu yake sinaimitse sitima ngakhale imodzi mwa zimene zinkatutira Ayuda ku misasa yophera anthu. Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa, ambiri a iwo filimuyi itatuluka kale. Mwini wake analemba m'buku la mbiri ya moyo wake mu 1964 kuti akanadziwa zoopsa zenizeni za m'misasa imeneyo sakanatha kupanga filimuyi. Ine ndimamulemekeza chifukwa cha kuvomereza kumeneku, ngakhale ndikuthokoza kuti sanadziwe. Phwete sagwetsa boma. Amangochepetsa chimunthu chija kuti chibwerere pa msinkhu wa munthu wamba, ndipo anthu akachiona pa msinkhu umenewo mantha amayamba kusungunuka. Zotsalazo ndi ntchito ya ena.

Apa ndi pamene pali nkhani imene ndabwerera. Mungaganize kuti munthu amene anaseka Hitler dziko lonse likali kunjenjemera anapatsidwa ulemu nkhondo itatha. Ayi ndithu. Hitler sanamukhudze Chaplin ngakhale tsitsi limodzi. Amene anamuthamangitsa ndi America, dziko la zipani zambiri, la zisankho, la makhothi oima paokha ndi nyuzipepala zaufulu.

Zinayenda chonchi. Mu 1942 Chaplin analankhula pa misonkhano yopempha kuti maiko a azungu athandize Russia potsegula nkhondo mbali yachiwiri ku Europe. Pa nthawiyo Russia inali bwenzi la America pa nkhondo. Nkhondo itatha bwenzi linasanduka mdani, ndipo mau aja anasanduka umboni. Mkulu wa apolisi ofufuza a FBI, J. Edgar Hoover, anali akumulonda kwa zaka zambiri, ndipo failo yake inafika masamba pafupifupi 2,000. Ankamunena kuti wakhala m'dzikomo zaka zoposa 30 osatenga unzika wa America, kuti amacheza ndi anthu a maganizo a chikomyunizimu, kuti mafilimu ake amanyoza olemera. A FBI anafika popempha anzawo a MI5 ku Britain kuti awathandize kufufuza. Mapepala a MI5 atatsegulidwa mu 2012 anaonetsa kuti sanapeze umboni woti munthuyu anali woopsa. Mwakumbukira kambendera kofiira kaja?

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene okonda Chaplin sakonda kumva, chifukwa tikabisa tikhala ngati omwe aja ankalemba mbiri ya atsogoleri yopanda banga. Pa nkhani ya akazi, mkuluyu anali ndi mbiri yonyansa. Mkazi wake woyamba, Mildred Harris, anamukwatira mu 1918 ali ndi zaka 16. Wachiwiri, Lita Grey, anamukwatira mu 1924 alinso ndi zaka 16, iye ali ndi 35, mtsikanayo ali kale ndi pakati. Masiku ano tikanati wagwirira ana, ndipo tikanakhala tikunena zoona. Luso lake silifafaniza zimenezi. Oona O'Neill, amene anakhala naye mpaka imfa nabereka naye ana 8, anamukwatira mu 1943 ali ndi zaka 18, iye ali ndi 54.

Koma taonani mmene boma linagwiritsira ntchito zofooka zakezo. Pamene ankakwatira ana a zaka 16, ali wongoseketsa anthu, palibe wa boma amene anamuimika pa khothi. Atayamba kulankhula za ndale ndi pamene boma linakumbukira za makhalidwe. Mtsikana wina wa zisudzo, Joan Barry, atanena kuti mwana wake ndi wa Chaplin, boma linamutsegulira milandu ina yoti akanapezeka wolakwa akanakhala kundende zaka zambiri. Khothi linamupeza wosalakwa mu 1944. Pa mlandu wa mwana, madokotala atayeza magazi anapeza kuti mwanayo sangakhale wake, koma mu 1945 khothi linagamulabe kuti ndi bambo wake ndipo azilipira. Nyuzipepala zina zinkalandira nkhani kuchokera kwa a FBI omwewo n'kumazisindikiza. Ife atolankhani tisamadzione ngati angelo pa nkhani zotere.

Mu September 1952 Chaplin anakwera sitima ya pamadzi ya Queen Elizabeth ndi banja lake kupita ku London kukaonetsa filimu yake yatsopano ya Limelight. Sitima ili pakati pa nyanja, mkulu wa zamalamulo m'boma la America, James McGranery, analengeza kuti chilolezo chake chobwerera chafafanizidwa, ndipo akafuna kulowanso ayenera kukaonekera kwa a zolowa ndi kutuluka kuti akamufunse za ndale zake ndi makhalidwe ake. Sanamumange, sanamuzenge mlandu, anangodikira kuti atuluke pakhomo n'kukhoma chitseko. Kuno kwathu tikanati anamupatsa PI. Mapepala a boma amene anatsegulidwa pambuyo pake anaonetsa kuti analibe umboni wokwanira womuletsera, ndipo akanalimba mtima n'kubwerera mwina akanalowa. Iye anakana kukagwada. Anatuma mkazi wake kukatenga chuma chawo, ndipo mu 1953 anakhazikika ku Switzerland, m'mudzi wa Corsier-sur-Vevey.

Sindikufuna kukunyozani, akuluakulu, poyerekeza ukapolo wanu ndi wake. Chaplin anathawira m'chinyumba chachikulu choyang'ana nyanja ya Geneva, ali ndi antchito ndi ndalama ku banki. Inu ena munagona m'timanyumba ta lendi ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, makolo anu anaikidwa m'manda inu kulibe, ndipo ngakhale kalata simukanatha kulemba poopa kuika abale m'mavuto. Koma pali chinthu chimodzi chimene iye akanakumvetsani: kudzuka m'mawa uliwonse m'dziko la eni ukudziwa kuti kumene unasiya ntchito ya moyo wako kuli munthu wa mu ofesi amene anasaina kapepala koti usabwerenso.

Anakhala kunja zaka 20. Mu April 1972, ali ndi zaka 82, akuyenda movutikira, a ku Hollywood anamuitana kuti adzalandire mphoto yaulemu ya Oscar. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja kwa mphindi 12, ndipo nkhalambayo inagwetsa misozi. Ndimaganiza kawirikawiri za usiku umenewo, chifukwa m'dera lomwelo la California munali kukhala munthu wina wothawa kwawo, malemu a Henry Masauko Chipembere, amene anamwalirira komweko mu 1975. Mzinda umodzi, wina akulandiridwa kuchokera ku ukapolo, wina ali mu ukapolo umene sanabwereko. Ndipo ngakhale Chaplin amene anaomberedwa m'manjayo sanabwerere kudzakhala. Analandira mphoto yake, nakwera ndege kubwerera ku Switzerland. Zaka 20 zija panalibe amene akanamubwezera, ndipo mafilimu awiri amene anapanga ali kunja, A King in New York ndi A Countess from Hong Kong, safika pa aja akale. Inu amene munabwerera pambuyo pa chikhululukiro cha mu 1993 mukudziwa kuposa ine kuti kulandiridwa pa bwalo la ndege ndi nkhani ina, kupeza malo ako m'mudzi ndi nkhani inanso.

Ulemu wina unabwera mochedwa chimodzimodzi. Mfumukazi ya ku Britain inamupatsa udindo wa Sir mu 1975, ali pa njinga ya olumala, pamene mu 1956 boma la Britain linali litakaniza ulemu womwewo poopa kukhumudwitsa America. Mu 1997 nyumba ya mabuku ya boma la America inaika The Great Dictator pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha fuko. Kamunthu ka ndodo kaja kanabereka ana ambiri: Raj Kapoor ku India anatengera mavalidwe ndi mayendedwe ake, ndipo ana athu amene amaseka Mr Bean akuseka mdzukulu wa Chaplin osadziwa.

Anamwalira pa 25 December 1977, tsiku la Khirisimasi, ali ndi zaka 88. Koma ngakhale imfa yake inakhala ngati filimu yake yomwe. Mu March 1978 anyamata awiri othawa kwawo, wina wa ku Poland wina wa ku Bulgaria, anafukula bokosi lake usiku nayamba kuimbira foni mayi wamasiye kuti apereke ndalama. Mayi Oona anakana. Apolisi anawagwira mu May, ndipo bokosilo linapezeka litakwiriridwa m'munda wa chimanga, makilomita angapo kuchokera kumanda. Pomuikanso anathira konkire yochindikala pamwamba. Munthu amene boma la America linamukaniza kulowa, a ku Switzerland anachita kumutsekera ndi simenti kuti asatulukenso.

A wapampando akundiyang'ana, ndiye ndimalize ndi pempho limodzi. Kumapeto kwa filimuyi wometa uja asokonezedwa ndi Hynkel, atavala yunifolomu ya usilikali, naimikidwa pa nsanja kuti alankhule kwa asilikali ndi chikhamu cha anthu. Pamenepo Chaplin akusiya nthabwala, akuyang'ana inu ndi ine m'maso, nalankhula kwa mphindi zingapo za ufulu, za umunthu ndi za demokalase. Anthu ambiri amakonda mau amenewo, ndipo ndi okoma ndithu. Ena amati anaononga filimu posanduka mlaliki. Inu mukagamula nokha.

Ine pempho langa ndi lakuti akamaliza kulankhula, musathamangire kupukuta misozi. Muyang'ane chikhamu chija. Ndi anthu omwe aja ankakuwa mokondwera pamene Hynkel ankalonjeza kupondereza Ayuda kumayambiriro kwa filimu. Tsopano munthu wovala yunifolomu yomweyo, pa nsanja yonga yomweyo, wanena zotsutsana ndi zonse zija, ndipo iwo akukuwa mokondwera chimodzimodzi. Kenaka muyang'ane nkhope ya wometayo pamene akumva phokoso limenelo, mundiuze potuluka ngati ndi nkhope ya munthu amene wapambana.

Achimwene a ku makina, tizimitsireni magetsi.